Chishango Akufuna Kuphunzira Kutsegula Maloko

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kuyenda? Ife kuno tikudzuka ndithu. Ntchito kochapira zovala ikuyenda, kungoti makina ositira anandiwotcha padzanja, koma chilonda chauma. Chipinda chathu chikudonthabe pakona ya kuwindo, eni nyumba amangolonjeza.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndi ya mng'ono wathu, ndipo timagona naye chipinda chimodzi. Muyambe mwawerenga yonse musanaseke. Ndikukudziwani, mukangomva za masewero mudzati anthu andevu apenga.

Lamlungu lililonse masana timasonkhana m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya a Telala, pakati pa nsalu ndi makina osokera, n'kumasewera masewero a nthano. Ine ndimafotokoza dziko lopeka ndi zoopsa zake, aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo madayisi, timiyala ta manambala timene timaponya patebulo, ndi amene amaweruza ngati zimene wayesa zatheka. Munthu wako akapambana nkhondo zingapo amakwera sitepe. Mwambo wathu ndi wakuti umaimirira n'kunena pamaso pa onse ntchito ya m'nthano imene ukukwera nayo, kaya ndi usilikali kaya using'anga.

Chiyambire, mng'ono wathu amasewera paladini, ndiye kuti msilikali wolumbira kuti sadzanama, sadzaba, ndiponso sadzasiya wofooka pamavuto. Dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense amangoti Chishango, ngakhale alonda anzake kunyumba yosungira mankhwala kumene amagwira ntchito.

M'buku limene timatsatira, ena onse amaloledwa kusakaniza ntchito. Sing'anga atha kutenga sitepe imodzi ya usilikali n'kubwerera ku using'anga wake. Paladini yekha ayi. Akangotenga sitepe imodzi ya ntchito ina, zimene anali nazo amakhala nazo, koma sadzakweranso ngati paladini mpaka kalekale. A Telala anatiuzapo kuti mabuku atsopano anachotsa lamulo limeneli. Amene anakana kwamtuwagalu kuti tisinthe anali Chishango yemweyo. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo lumbiro lokhala ndi khomo lakumbuyo si lumbiro.

Ndiye kunabwera munthu wina watsopano, wobwera ndi kasitomala wa a Telala. Timawatchula a Jekete chifukwa savula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Ndi aulemu, amatigulira zakumwa, koma ntchito yawo palibe akuidziwa. Malamulo a masewero amawadziwa kuposa ine. Chimene sindichikonda n'chakuti ena akaponya madayisi, iwo sayang'ana patebulo, amayang'ana nkhope ya woponyayo. Anayamba kukhala pafupi ndi Chishango, kenako kumuperekeza pokwerera basi. Ndinawamva akumufunsa mwachifatse za mageti a kuntchito kwake, ngati munthu wongocheza.

Achimwene, inu mukumudziwa mwanayu, zakukhosi sanena. Kuno ndinazindikira kuti amalankhulira m'masewero. Atamwalira abambo sanagwetse msozi, koma Lamlungu lotsatira paladini wake anakana kumenya nkhondo, anathera masana onse akukumba manda a munthu wosamudziwa. Pamene ankakangana ndi abwana ake, paladini anakana kugwadira mfumu ya m'nthanomo. Zimene wachita patebulo paja, mudziwe kuti ndi zimene zili mumtima mwake.

Mwezi watha anandifunsa ngati paladini angatenge sitepe imodzi yokha ya mbala, kuti aphunzire kutsegula maloko ndi kuyenda mosamveka. Ndinamukumbutsa lamulo lija, loti sadzabwereranso. A Jekete analowerera, akumwetulira, kuti sitepe imodzi si tchimo, chishango akhala nachobe, lupanga akhala nalobe, ndipo palibe wa m'nthanomo adzadziwe. Mng'ono wathu anawerama n'kunena kuti paladini wake watopa kulondera chuma cha eni ake ali ndi njala. A Namwino, amene amasewera sing'anga, anasiya kuseka.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuchita chinyengo changa. Popeza nthano ndimayendetsa ndine, ndikuichedwetsa dala kuti asafike pokwera sitepe. Ndawatumiza kukasaka ng'ombe zotayika, ndawagwetsera mvula, ndagumula milatho. Anzathu ayamba kudandaula kuti nthano yazizira, ndipo a Telala akuti ndakalamba mutu. Nzeru zandithera. Nkhondo yotsatira sindingaizembenso, ndipo akaipambana adzaimirira n'kulengeza.

Ndinayesa kumufunsa maso ndi maso tikuyanika zovala. Anaseka kuseka kosafika m'maso, n'kunena kuti ndisamaope timapepala ndi madayisi. Koma sabata yomweyo ndinamva kwa mlonda mnzake kuti mng'ono wathuyo wapempha yekha kuti mwezi wamawa amusamutsire kugeti lakumbuyo, kumene kumatsitsidwira makatoni a mankhwala. Geti limenelo alonda onse amalithawa chifukwa cha fumbi ndi phokoso la malole. Lamlungu lapitali a Jekete sanabwere. Anatumiza uthenga woti kusewera kwawakwana, apeza zimene ankafuna. Chishango atamva sanadabwe.

Ndikuopa, achimwene, ndikunena mosabisa. Kwa abwana ake sindingapite. Umboni wanga ndi wa masewero, ndipo akandikhulupirira ndiye kuti ndamuchotsetsa ntchito ndi kumuipitsira dzina ndi pakamwa panga. Akapanda kundikhulupirira, ndataya m'bale pachabe.

Pempho langa ndi limodzi. Muitaneni abwere kwathu mwezi uno usanathe. Inu ndi amene munamulera abambo akudwala, mawu anu sawaponda. Musaname kuti amayi adwala, bodza lotero limaitana tsoka. Ingomuuzani kuti mukumufuna, ndipo musamufunse ngati angathe. Akafika mukhale naye pansi nokha awiri, musamukalipire, chifukwa akakalipiridwa amangovomera zonse n'kukachita zake. Ntchito ikatha ithe, ina idzapezeka. Musatchule kuti nkhaniyi mwaimva kwa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Kwa mlamu wathu, mkazi wa Chishango, musanene kanthu kaye, mungoti tili bwino.

Dzulo ndinamuuza Chishango kuti ndikulemba kalata ya moni chabe, ndipo ndinamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati ndipereke moni kwa onse. Kenako, akumanga zingwe za nsapato za kuntchito, anandiuza kuti kamwana kake kakakazi kamamufunsa pafoni za msilikali wachishango uja, ndipo iye wakhala akukasimbira nkhondo zake zonse. Anapempha kuti inu mukauze kuti msilikaliyo anafera kunkhondo ali pageti lake, osathawa. Ndinamukumbutsa kuti paladini wake ali moyo, alibe ndi bala lomwe. Anati akudziwa, koma ndi bwino mwanayo amve zimenezo asanamve zina.

Uthengawo musaupereke. Chonde fulumirani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
wa kochapira zovala