Ng'ombe za a Zulu Zakoka Pikapu Yanga

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku lozizira, lopanda phindu.

Pikapu yandiferanso pamsewu wa ku Kasenengwa, itanyamula matumba a nsawa a Bambo Zulu. Injini inatentha mpaka madzi kuwira. Ng'ombe zawo ndizo zaikoka kubwerera kumudzi, ine ndili pachiwongolero ngati munthu wofunika.

Amene anandigulitsa ankati injini zakalezi sizifa. Sananame kwenikweni, chifukwa yangayi imangokomoka sabata iliyonse.

Potsanzikana, Bambo Zulu anati, "A Banda, Lolemba musavutike kubwera. Ngati zokoka ndi ng'ombe zanga zomwezi, bola zikoke ngolo, ndi yopepuka."

Alimi ena onse anandisiya kale, anatsala ndi iwowa. Pikapuyo ndaisiya pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. Pomwe ndimachoka, nkhuku zinali zitayamba kale kukweramo.