Dzina Lomwe Munaoloka Nalo

Amayi, mukukhala bwanji kumene muliko? Ndine mwana wanu Agnesi. Dzanja likulembali ndi la Tereza, mzime wanga, yemwe munamusiya ali ku pulaimale. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakometse.

Kuno kwa Kawinga tilipo. Chimanga chinapserera ndi ng'amba, koma nandolo watipulumutsa. Mkazi wa mdzukulu wanu Yohane anachira, mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Denga la khitchini yanu linagwa ndi chiswe, sitinalikonze.

Tereza ali chaka chomaliza ku koleji, Amayi. Ine wolekera sitandade thu ndabala mwana amene zolemba zake amawerenga ndi aphunzitsi akuluakulu! Amandifotokozera ntchito zake. Poyamba ankalemba nkhani zazifupi zoyankha funso limodzi. Kenako ankawerenga zomwe ena analemba kale, n'kusankha pomwe akugwirizana ndi pomwe akutsutsana, monga tichitira popeta mpunga. Chaka chatha analemba pempho lofotokoza chomwe akufuna kufufuza, anamubwezera kuti akonze, mpaka anamuvomera. Tsopano ali pa ntchito yaikulu, kafukufuku wofunsa anthu. Wasankha za mabanja athu a Chilomwe, momwe anabwerera kuchokera ku Mozambiki. Paja munkati safunsa anadya phula. Mdzukulu wanuyu phula sadzadya, amafunsa mpaka munthu kuuma kukhosi.

Anandijambula mawu pafoni. Ndinamuuza za ulendo wanu, kuti munali kamtsikana, munadutsa ku Nayuchi njanji isanabwere, mutasenza mbewu ya mapira. Ndinaimbanso nyimbo yanu yosinjira. Atandiyatsira kuti ndimve, ndinamuuza abwereze. Sanali mawu anga. Anali anu, ndi kachifuwa kanu komwe. Chiyambire tsikulo, ndikamasinja ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga, akudikira kuti ndimupatse munsi.

Nayi nkhani yandilembetsa kalatayi. Tereza akuti pa kafukufuku dzina la munthu sililembedwa mwini wake asanavomere. Akapanda kuvomera amaikapo lopeka. Ine ndinati iyayi. Anakusinthani kale dzina pa ubatizo kuti mukhale Maria, akusintheninso lero? Komanso la Maria si lomwe munaoloka nalo. Lenilenilo, la Chilomwe, munandinong'oneza tikuchapa kudambo, ndipo silinatulukepo m'kamwa mwanga, poti mwana satchula dzina la mayi ake. Achimwene anu anapita, ang'ono anu anapita. Wolidziwa ndatsala ndekha, ndipo miyendo yayamba kutupa.

Ndikalitchula, ndakuchotserani ulemu. Ndikalisunga, ndilowa nalo m'manda, ndipo zidzukulu zidzawerenga za mayi wina wopeka amene sanabale aliyense wa ife. Tereza ayenera kupereka ntchitoyi mvula isanagwe.

Ndiye ndikufunsa mwini wake, monga lamulo lawo likunenera. Mundilola, Amayi? Ndapempha kale kwa amfumu kuti ndilowe kumanda Loweruka, ndidzalambule pamene mwagonapo. Tereza adzaima poteropo ndi cholembera. Ine ndidzagwada n'kudikira. Mukakana ndidzadziwa, chifukwa lilime lidzalemera, ndipo ndikulonjeza kubwerera nalo dzinalo osalitaya panjira. Mukalola, ndidzalitchula mokweza, muyambe kulimva ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sanakuitanenipo ndi dzina,

Agnesi