Timizere tinayi tomwe sindinaone

Lolemba, 5 Malichi 1888
Ndaonanso! Kachidutswa ka ubongo wa mwanapiye, konyikidwa m'mankhwala a siliva, ndipo pa maikulosikopu timitsempha taoneka takuda bii, kalikonse kuthera pakokha. Sitilumikizana. Kampata n'kakang'ono koma kalipo. Mkazi wanga Engracia wandipeza ndikuvina m'kachipinda kosungira anyezi, komwe ndimagwirira ntchito. Wati mpunga wazizira.

Lachitatu, 7 Malichi
Ndapita ndi chojambula changa cha timitsempha tija kwa Don Fulgencio, amene amasankha wolandira thandizo la kafukufuku pasukulu yathu ya udokotala. Moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa kuti ubongo ndi ukonde umodzi wopanda poduka. Anachotsa ndudu kukamwa.
"Mwanawe, lumo lako n'lobuntha, ukondewo wadula wekha. Kanole, ubwere Loweruka."
Ine: "Zoona, Don Fulgencio." Zoona! Ndinawerama mpaka chipewa kugwa.
Siliva watsala pansi pa botolo. Thandizoli likandiphonya, basi, ndikuchoka mu Valencia kukatsuka zilonda kumudzi kwa apongozi.

Lachinayi, 8 Malichi
Inki, cholembera chosongoka, timizere tinayi pa chojambula chija. Mipata yatsekeka. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo chimenecho n'chimene chikundichititsa manyazi.

Lachisanu, 9 Malichi
Timagalasi tanga toikapo tizidutswa ta ubongo amatsuka ndi Engracia, ndipo kuyang'ana pa maikulosikopu ndinamuphunzitsa ndekha. Lero wasuzumira, wayang'ana pepala, wasuzumiranso.
"Eladio, timizere iti tamera liti?"
"Izi ndi nkhani za madokotala."
"Oo. Ndiye ndolo za malemu mayi anga ndinagulitsira chiyani? Mukanati mukufuna kujambula za m'mutu mwanu, makinawa sitikanagula. Pepala n'lotchipa."
Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Loweruka, 10 Malichi
Don F. andikumbatira. "Waona? Lumo basi!" Thandizo ndi langa, kalata asaina Lolemba. Andithirira vinyo, ine n'kumwa, n'kuyamikira kukoma. Ati chojambulacho achikhoma pabolodi ophunzira onse akopere, dzina langa pansi pake.
Ophunzira makumi asanu kukopera bodza langa, mwaluso, m'makope awo.

Lamulungu, 11 Malichi
Ku Misa. Anzanga kukalandira Ukaristia, ine ndatsala pabenchi ngati ndikufuna chipewa.

Lolemba, 12 Malichi
Ndinanyamula maikulosikopu m'dengu la Engracia, osadziwa ngati ndiitulutsa. M'kalasi chojambula chili pabolodi, zolembera zayamba kale kukanda. Don F. ati kwa ine, "Dokotala Ribelles, afotokozereni."
Ndinaimirira. Ndinaloza timizere tija kamodzikamodzi.
"Iti ndinaika ndekha Lachinayi. Pagalasi palibe. Musakopere."
Wina kumbuyo anaseka. Makutu anga ngati aikidwa pamoto. Ndinatulutsa makina, n'kuika kagalasi.
Don F. anafiira mpaka padazi. Kalata ija anaipinda n'kuiponya m'thumba. Kenako anavula magalasi, anawerama, diso pa maikulosikopu. Anapotokola kachitsulo kowongolera pang'ono. Anapotokolanso. Ngolo zikumveka panja.
Osadzutsa mutu:
"Tuluka m'kalasi mwanga, Ribelles."
Ndinatambasula dzanja kuti nditenge zanga. Anagwira kagalasi ndi chala.
"Aka kasiye."