Khola la Poto wa Bester

*Lachiwiri*

Amayi 06:40
bester yeza poto wa m'boti mwakomo. pakamwa ndi msinkhu. ndikufuna manambala, osati zoti wamkulu ndithu

Bester 07:15
mwadzuka bwanji kaye mayi kkkk

Amayi 07:16
ndadzuka. manambala

Natalia 07:19
achimwene pepani, chithunzi cha phazi lanu lopsa lija achiona. anabwereka fon yanga kuti aimbire abusa, yawo inalibe mayunitsi

Bester 07:20
iwe natalia ndinakuuza chani

Amayi 07:25
usamukalipire mlongo wako. mwana wanga akupsa ndi nyemba pakati pa nyanja, ine kuno ku nsaru ndikungopalira osadziwa kanthu?

Bester 07:31
sizoopsa mayi. mwini boti anachotsa mbaula yamakala naika ya gasi, akuti upgrade. kungoti funde likamenya poto amatsetsereka. kitchen yakenso ndiyaing'ono ngati bafa, pothawira palibe

Amayi 07:34
ndiye tikonze, apo ayi ubwere uzilima soya. ndasankha kukonza chfkwa kulima sumatha

Bester 08:02
pakamwa 34cm, msinkhu 22
[chithunzi: mbaula ya gasi pa shelefu]

*Lachinayi*

Amayi 09:10
a adamson owotcherera aja apanga khola lachitsulo. poto azikhala mkati ngati mbuzi. lili ndi mabowo a mabauti, udzalimange pa shelefupo. poto wa amayi a chigwirizano ndi saizi yomweyo, ndabwereka

Natalia 10:47
achimwene simungakhulupirire. amayi akwera ngolo ya a chikoti, khola alimanga pakati, poto wodzaza madzi. akuti ngolo imagwedezeka ngati boti

Bester 10:50
kodi boti analiona kuti??

Amayi 10:58
sindinalione. koma maenje a msewu wa ku kabudula ndimawadziwa

Natalia 11:06
[kanema 0:21]
auza a chikoti athamangitse ng'ombe. msika wonse waima kuonerera kkkkk

Natalia 11:13
poto sanagwe. chivundikiro ndi chomwe chauluka. anyowa chitenje chonse

Bester 11:14
mayi tsikani plz mudzathyoka msana. anthu aziti chani

Amayi 11:29
[uthenga wa mawu 0:26]
"Anthu anene zawo. Madzi amenewa akanakhala owira, bwenzi pano ndili kuchipatala. Ndi bwino chiuluke pangolo kusiyana ndi pankhope pako. A Chikoti, tembenuzani, tikubwerera kwa a Adamson."

Amayi 15:40
aika zingowe ziwiri zogwira chivundikiro. tapita tabwera, kudontha pang'ono basi. a chikoti akuti ng'ombe zawo sizikwezanso munthu wa mpingo wathu

*Loweruka*

Amayi 08:05
khola lakwera minibasi. m'tauni msuweni wako gladson alikweza ya ku nkhata bay. silinda ya gasi uimange ndi malegeni kutali ndi moto. uzivala nsapato osati patapata

Bester 17:22
ndalandira. mwaikamonso nsinjiro ndi vaselini eti

Amayi 17:24
munali malo

*Lamulungu*

Bester 14:10
[chithunzi: khola lamangidwa, poto ali mkati]
lakwana bhobho! captain akufunsa ndagula shop iti. mawa tikupita ku likoma ndi simenti ndi ufa

Amayi 14:15
pa wailesi akuti mawa kuli mwera

Bester 14:17
tazolowera. ndikafika ndilemba

*Lolemba*

Amayi 12:30
mwafika?

Amayi 16:45
bester

Natalia 17:02
network ya kumeneko imavuta mayi

Amayi 17:03
ndikudziwa. sindine mwana

*Lachiwiri*

Amayi 05:50
mwina mabauti ndi aafupi. ndinawauza a adamson aike aatali

Amayi 06:20
poto akavuta musiye agwe. osamugwira ndi manja wamva

Amayi 09:41
za soya ndimangonena. kulima umatha

Natalia 11:15
achimwene mukaona uthengawu yankhani msanga. kumunda sanapite, angokhala pa chulu chogwira network chija

Natalia 13:30
achimwene

Bester 15:08
tili bho!! mwera unatitsekereza ku chizumulu, fon inathima. anthu onse anasanza kupatula poto kkkk. ndinaphika mpunga boti likuvina, sikunatayike ngakhale supuni. captain akuti mayi ako ndi engineer

Bester 15:09
mayi?

Bester 15:16
mayi mulipo?

Natalia 15:18
awerenga. andipatsa fon kenako alowa ku khitchini. akupukuta m'maso ndi chitenje

Amayi 15:27
ndi utsi. ena timaphikirabe nkhuni