Mphasa Yogwerapo

Wokondedwa wanga,

Usadabwe kupeza matiresi athu atatsamira khoma. Kwabwera bambo ena a makutu opindikapindika, osatchula dzina. Ataona kuti umayeserera zogwetsana pamatiresi ogonera, agwira pakamwa. Akuti phazi limatitimira, munthu n'kubinya. Ndiye ndapita nawo kukakusankhira mphasa yeniyeni ya siponji. Akuti aziyesa podzigwetsa ndi bondo, ndipo yomwe bondo limve simenti aisiya. Bondo lokalambalo, mwamuna wanga, chifukwa cha iwe!

Pepa, mpunga ndapsereza pomvetsera. Sunthira tebulo pakona, utsuke makapu atatu. Chonde, usadzatitsekere chitseko.

Ndawazindikira pachithunzi chomwe umabisa m'sutikesi chija. M'bwalo ankawatcha Mphezi. Iwe unkawatcha ababa.