Akuti awotcha kaseti ya malemu amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Malomo. Kwathu ndi ku Phalombe, koma tinabwera kuno ndi amuna anga, a Moffat, kudzagwira utenanti mwana wathu Luckness ali kumsana. A Moffat anatisiya mu 2001.

Anali munthu wa banjo, yopanga okha ndi chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Chaka chija tinavotera zipani zambiri koyamba, fodya atayenda bwino, anagula wailesi ya kaseti yotha kujambula. Lamulungu lina masana anakhala m'chigafa n'kujambula nyimbo zawo zonse pa kaseti imodzi. Muli ina yoseka kapitawo wathu wakale, yomwe m'mbuyomo sakanayerekeza kuiimba mokweza. Mulinso ina imene anapekera Luckness, yomulonjeza kuti pa ukwati wake adzavina mpaka nsapato kung'ambika. Pakati pa nyimboyo amatsokomola, kenako amandikuwira kuti, "Make Luckness, pirikitsani tambalayo, akundiwonongera nyimbo!" Ndikafika pamenepo ndimaseka misozi ili mbwembwembwe.

Maliro atatha, abale awo anagawana katundu. Banjo anatenga achimwene awo. Mphasa ndi zovala zomwe anadwalira anaziwotcha kuseri kwa nyumba ine ndikuona. Kasetiyo ndinaibisa m'thumba la ufa, ndipo ndi yokhayo ndinatsala nayo.

Vuto langa nali. Luckness akukwatiwa kumapeto kwa mwezi wamawa ku Madisi, ndipo akufuna nyimbo ya bambo ake idzalire polowa m'holo. Koma kaseti yatopa. Ndimaimvera tsiku ndi tsiku ndikachoka kumunda, ndipo wailesi yaitafunapo kawiri. Ndinaikulunga ndi bolopeni, poduka ndinamata ndi utoto wa zikhadabo. Pena mawu amakoka ngati a Moffat aledzera, chonsecho mowa sankaudziwa.

Chibwenzi cha Luckness, a Simoni, anandilangiza kuti ndipite nayo ku Mponela kwa a Filipo, bambo amene ali ndi kompyuta m'kashopu kawo pafupi ndi msika. Ndinakwera minibasi. A Filipo anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena mosaphethira kuti, "Palibe vuto mayi, isiyeni, madzulo ano ndiwotcha. Mawa mudzatenge." Aphungu inu! Ndinaona utsi wa mphasa ija. Ndinaitsomphola m'manja mwawo n'kuimangirira pamsonga ya chitenje. Iwo anaseka mpaka kugwira pakhoma, akundikuwira kumbuyo kuti, "Bwererani mayi! Malo otsala ndikudzazirani nyimbo zaulere, ndimatsitsa zambirimbiri pa intaneti. Za bambowa nazonso tiziponya komweko, dziko lonse limve!"

Pano Luckness akungondiyankha mwachidule, akuti nkhaniyi yafika kwa makolo a a Simoni ndipo ndinamuchititsa manyazi kwa apongozi akewo. A Simoni ayesa kundifotokozera, koma amathamanga ndi Chingerezi, ine n'kungovomera. Kodi chinthu chowotchedwa chimabwereranso? Nanga dziko lonse likamva amuna anga, ine nditsala ndi chiyani? Ndithandizeni, masiku akutha.

E.M., Malomo, Ntchisi


Mayi E.M.,

Pepani, nanenso ndaseka. Koma sindikusekani inu ayi, ndikuseka anthu a makompyutawa amene anasowa mawu ena n'kusankha a moto. Munachita bwino kuthawa nayo. Chinthu chimene chilipo chimodzi padziko lonse sachisiya m'manja mwa munthu amene simunamve chimene akunena. Luckness aleke kufufuma, mumuuze kuti ndatero ndine.

Tsopano mtima ukhale m'malo: palibe machesi, palibe utsi. Kaseti yanu adzaiika m'wailesi monga mumachitira inu, n'kulumikiza chingwe kuchoka pa wailesiyo kupita pa kompyuta. Nyimbo zikamalira, pulogalamu yojambulira mawu ya m'kompyutamo imazigwira, ngati mmene wailesi inagwirira mawu a amuna anu m'chigafa muja. Kenako amazisindikiza pa CD, kambale konyezimira kaja, ndipo kusindikizako ndiye amati kuwotcha. Kaseti imabwerera m'manja mwanu yathunthu.

Ndiye pitani, ndipo pitani sabata ino. Koma zija zakuti "isiyeni, mawa mudzatenge," ayi ndithu. Kaseti isagone kwa munthu. Ntchito yake ndi yautali ngati kaseti yomweyo, choncho khalani pa benchi pomwepo ndi a Simoni mpaka ithe. Musananyamuke kwanu, yang'anani pamwamba pa kaseti, kumakona onse awiri kuli tizitseko ting'onoting'ono ta pulasitiki. Tithyoleni ndi nsonga ya mpeni. Mukatero, ngakhale wina adine batani lofiira molakwitsa, sangajambule pamwamba pa a Moffat. Mukafika, a Filipo ayambe ayesa wailesi yawo ndi kaseti ina yachabechabe. Ikatafuna imeneyo, nyamukani, mukayese kwa wina ku Lilongwe.

Adzakuuzani kuti kompyuta yawo imatha kuchapa mawu, kuchotsa phokoso lija la "sss" ndi kudula zosafunika. N'zoona, ndipo CD ya pa ukwati achape pang'ono kuti imveke bwino m'holo. Pang'ono ndatero! Mnzanga wina wa ku situdiyo anandiuzapo kuti, "Ukachapa kwambiri, munthu amamveka ngati akuimbira m'chitini." Koma ya inuyo asaikhudze n'komwe. Chifuwa chija chikhale, tambala akhale, "Make Luckness" akhale. Munthu wa kompyuta adzati zimenezo ndi zinyalala, chifukwa iye sanakhale nawo pabanja. Asindikize ma CD angapo, ina yanu, ina ya Luckness, ina ikagone kwa mbale wodalirika mudzi wina, chifukwa CD nayo imakalika ndipo nyumba ya udzu mukuidziwa. Musachoke musanaimvere kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, makamaka pamene munamata paja.

Koma pali mawu ena a Filipo amene munayenera kuthawa kuposa a moto aja. Akuti aziponya pa intaneti? Anafunsa ndani? Nyimbo ili ndi mwini monga mbuzi ili ndi mwini, ndipo wopeka akamwalira, umwini umatsala ndi banja lake. Lamulo la dziko lino limateteza zimenezi, ndipo kuli bungwe loona za umwini wa nyimbo kumene a Simoni angakufunsireni kalembetsedwe kake. Nyimbo ikalowa pa intaneti siibwezeka. Mawa mudzaimva m'minibasi ya ku Ntchisi, pa CD yolembedwa dzina la munthu wina, wokolola ali wina, inu mukusoka fodya. Mwina tsiku lina mudzafuna nokha kuti dziko liwamve a Moffat, ndipo si zoipa, koma anene ndinu ndi ana anu. Pakadali pano, ma CD akatuluka ndipo mwawamvera, a Filipo afufute nyimbozo m'kompyuta mwawo a Simoni akuona ndi maso. Akayamba kuzungulirazungulira, mwawadziwa.

Zija zaulere zodzazira malo otsala, kanani mwaulemu. Si zonse za pa intaneti zili zakuba ayi. Kuli malo ogulitsa nyimbo mwachilolezo cha eni ake, kulinso oimba amene amapereka okha nyimbo zawo kwaulere, ngakhalenso mapulogalamu ojambulira mawu ena ndi aulere mwalamulo. Koma munthu wodzitama kuti amatsitsa zambirimbiri, za woimba aliyense, osalipira kalikonse, mufunseni kuti chilolezo anachitenga kuti, muone mmene adzakandire m'mutu. Oimba amenewo nawonso ali ndi akazi ndi ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo inuyo mawa lanu linatsala pang'ono kufika ku Mponela komweko. Komanso malo otolako nyimbo zakubazi ndi amene amafalitsa mavairasi, timapulogalamu toipa tolowa mobisala n'kuwononga zonse za m'kompyuta. Pena chimene watsitsa chimalembedwa dzina la nyimbo ya Mulungu, ukachitsegula n'kupeza zolaula. Tangoganizani zimenezo zitalira m'holo ku Madisi, abusa ali kutsogolo! Nyimbo zina za pa ukwati a Simoni akagule zenizeni m'sitolo, zokhala ndi kachizindikiro konyezimira ka eni ake.

Chenjezo langa lomaliza likupwetekani, koma ndinena. Chimene chikutha kaseti yanu si a Filipo, mayi, ndi inuyo. Ulendo uliwonse mukaiika m'wailesi imaperesekako, ndipo yatafunidwa kale kawiri. Kachitatu ingadukire pa nyimbo ya Luckness pomwe, ndipo palibe kompyuta padziko pano imene ingabweze mawu amene achoka pa tepi. Ndikudziwa kuti madzulo mukachoka kumunda m'nyumba mudzakhala zii, ndipo zidzakuwawani. Pirirani masiku ochepawa. Ichotseni m'wailesi lero lomwe, muikulunge pa kansalu kouma, kutali ndi dzuwa ndi sipika, mpaka tsiku lopita ku Mponela.

A Moffat analonjeza mwana wawo kuti adzakhalapo pa ukwati wake. Asiyeni apumeko mawu, mayi, ali ndi ntchito ku Madisi.

Aphungu