Katoni ya nsomba yomwe munatumiza

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kumudzi kwanu kugombe la nyanja ku Mozambiki. Kuno ku Chawama ana ali bwino, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Katoni yanu ija ndinakailandira kusiteshoni ya mabasi. Ndisanatuluke pageti, galu wa apolisi a zanyama anaima pa ine. Apolisiwo atafukula pansi pa nsomba zouma, anapeza zigoba za akamba a m'nyanja, omwe aja munkatiuza nokha kuti kwanuko boma limaletsa ngakhale kukhudza mazira awo. Wapolisi wina anandifunsa kuti, "Ba ticha, ndiye vamene muphunzitsa bana ivi?" Makondakitala anaseka. Pomwepo apolisiwo ananditsegulira mlandu.

Ndadzifunsa kambirimbiri ngati kupusa n'kwanga, posatsegula katundu wolembedwa dzina langa. Mwina n'kwangadi. Koma inu munasankha ine podziwa kuti sindifunsa akulu mafunso.

Kusukulu andiimitsa ntchito mpaka mlandu uthe. Amayi akundichonderera kuti ndisakatchule mlongo wawo kukhoti. Ndawamvera moyo wanga wonse, koma apa ayi. Ndikakutchulani.

Musatumizenso kanthu kuno, ngakhale mchere. Mulungu akusungeni, poti ine sindingathenso.

Mwana wa mlongo wanu,
Tisa